Amayi Kumbuyo kwa Galimoto

Amayi anga anafika pomera imvi mutu wonse asanauone mtsinje wa Zambezi. Munthu wobadwira ku Zobue, kukulira konko, kukwatiwa konko, msewu wa tala wopita ku Tete ukudutsa kumunsi kwa dimba lawo, koma mtsinjewo ankangoumva m'kamwa mwa anthu. Amene anawapatsa njala imeneyi ndi malemu bambo anga. Iwo anawolokako ali mnyamata, ndiye akakhuta ankakonda kunena kuti munthu woima tsidya linalo amaoneka ngati nyerere, n'kulonjeza kuti tikakolola chaka chamawa apita nawo akadzionere okha. Chaka chamawacho kunabwera nkhondo, tinathawira ku Mwanza. Titabwerako panali kumanganso nyumba. Kenako bambo anayamba kutsokomola, basi n'kutisiya. Amayi sankadandaula ayi, koma mlendo aliyense wochokera ku Tete akafika pakhomo, akangomaliza kumupatsa moni ankamufunsa kuti, "Nanga madzi aja alipo ambiri chaka chino?" Ngati kuti anali ndi munda kumeneko.

Ine ndinakwatiwa ndi mwamuna wa ku Kambulatsitsi. Migodi ya malasha itayamba kulemba anthu ku Moatize, iye anapeza ntchito yoyendetsa galimoto yothira madzi m'misewu ya mumgodi kuti fumbi ligone. Ine ndinalowa m'kuzinya mophikira antchito, kusenda mbatata ndi kukwecha miphika ikuluikulu yoti mwana angasambiremo. Ntchito ya kumgodi siidziwa Lamlungu. Umagwira masiku ako motsatizana, kenako amakupatsa foliga, tsiku lako lopuma, ndipo foliga yanga ndi ya mwamuna wanga zinkathawana ngati zinayambana. Iye akapuma, ine ndili ndi mpeni m'manja. Ine ndikapuma, iye ali m'fumbi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndiyenera kufotokoza, chifukwa ana a masiku ano ndikawauza amangoti kukamwa yasa. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso. Sakhala pamphasa imodzi, sapatsana chinthu m'manja, ndipo wina sadya kapena kumwa mnzake akuona. Akakumana m'njira, mmodzi amapatukira m'tchire mpaka winayo adutse. Si chidani, ndi ulemu, ndipo amayi ankamukonda mwamuna wangayu mwina kuposa mmene ankandikondera ine wolongolola. Ulemu umenewu uli ndi pothera pake. Mwana akabadwa m'banjamo, mkamwini amapita ndi nkhuku ndi nsalu ya kapulana yatsopano, nkhukuyo imaphikidwa, awiriwo n'kudyera mbale imodzi, kuyambira pamenepo manyazi atha. Ife mwana wathu wamkazi anali atayamba kale kuthamanga, koma mwambowo tinali tisanachite. Katatu konse tinapangana tsiku, katatu konse shefi, bwana wa kuntchito, anasintha mndandanda wa masiku. Ine ndinkangoti, "Aa, nkhuku ithawira kuti? Tidzachita."

Ndiye pakati pa chilimwe, mvula isanagwe, nthawi ija dzuwa la ku Tete limaswa mtengo, mndandanda unatuluka: foliga zathu zagwa tsiku limodzi, Loweruka. Ndinavina m'kuzinya mpaka anzanga ankati ndalodzedwa. Munthu wanzeru akanati, tsiku lapezeka, tiyeni tikwere ku Zobue ndi nkhuku ija. Ine ayi. Ndinaimba foni kwa oyandikana nyumba ndi amayi kuti akawauze akwere shapa, minibasi ya kwathu kuno, Lachisanu, Loweruka akaona Zambezi. Ndinkafuna ndikhale ine wochita chimene bambo analephera. Ndinkafunanso, ndisabise, kuti amayi aone kuti mwana wawo ali pabwino.

Anafika Lachisanu masana atasenza dengu la kachewere ndi nyemba, atavala kamizola yawo yaubweya yobiriwira, ija ankavala popita ku Misa. Ku Zobue kumtunda kuja, ngakhale m'chilimwe m'mawa kumazizira, koma ku Moatize malata akudenga ankachita kulira ndi kutentha.

"Amayi, vulani chimenecho, mupsa."

"Ndikaone mzinda nditavala ngati ndikupita kudimba? Ndisiye."

Ndinawasiyadi. Amayi anga akati ayi, ngakhale wansembe sankawatembenuza.

M'mawa mwake tinasiya mwana kwa mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe. Mwamuna wanga anabwera ndi galimoto imene anabwereka kwa mnzake wonyamula njerwa, ija yokhala ndi mpando umodzi kutsogolo, kumbuyo kuli poyera. Ine ndinali nditakonza kale m'mutu mwanga: iye pachiwongolero, ine pakati, amayi pazenera. Amayi anasuzumira mkatimo, kenako anandiyang'ana.

"Iwe, mutu wako ukuyenda bwino? Ndikhale mpando umodzi ndi akamwini, mawondo akugundana?"

"Amayi, kuno si kumudzi. Palibe amene akuonani."

"Ine ndikudziona."

Anakwera kumbuyo, anayala kasaka, n'kukhala pansi msana atatsamira kumene kuli galasi. Mwamuna wanga anandikokera pambali, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi a mwana, kakhaleni nawo kumbuyoko. Dzuwa la lero si labwino, muziwaphimba ndi ambulera."

Ndinakana. Ndinali nditavala chovala choyera chatsopano, tsitsi nditalukitsa masiku awiri, ndipo kumbuyoko kunali fumbi la njerwa lofiira. Koma chifukwa chenicheni si chimenecho. Akazi a pampopi anali ataima ndi zidebe zawo akutiyang'ana, ndipo ine ndinkafuna andione nditakhala kutsogolo, pafupi ndi mwamuna wanga, chigongono chili pazenera. Zaka zapita zambiri, koma ndikakumbukira kuti ndinasinthanitsa amayi anga ndi maso a akazi a pampopi, ndimadzida. Ndinawapatsa ambulera kuti azigwira okha. Tisanatuluke n'komwe m'Moatize mphepo inaitembenuza, iwo n'kuipinda, n'kudzifunda kapulana kumutu.

Kuchoka ku Moatize kufika ku Tete si mtunda woti munthu n'kutopa. Koma masiku amenewo mlatho unali umodzi wokha, ndipo chuma chonse cha migodi chinkafuna kudutsa pomwepo. Tinapeza mzere wa magalimoto akuluakulu onyamula zitsulo, simenti, matayala aakulu kuposa nyumba yathu, onse ataima, akufuka utsi. Tinaima nawo. Timasuntha pang'ono, tiime. Tisunthe, tiime. Tala ankanyezimira ngati wathiridwa mafuta. Ife kutsogolo tinali pansi pa denga, komabe thukuta linkayenderera kumsana.

Mwamuna wanga anatsika n'kugula madzi ozizira a m'mabotolo kwa amayi ena ogulitsa m'mbali mwa msewu. Anandipatsa ine botolo la amayi, paja iye sakanawapatsa m'manja, ine n'kuwapatsira. Analandira ndi manja awiri, analigunditsa patsaya, kenako analilowetsa m'kapulana.

"Imwani, amayi, lisanatenthe."

"Ndimwa, mwanangu."

Ndinabwerera pampando wanga. Mwamuna wanga sakanachoka pagalimotopo, chifukwa mzere unkasuntha nthawi iliyonse. Akakhala mkati, kalilole wake woonera kumbuyo ankaloza pomwe panali amayi. Akatsika, ankaima pambali pomwepo. Kumudzi munthu ukafuna kumwa mkamwini ali pakhomo, umangozungulira kuseri kwa nkhokwe. Pamsewu paja panalibe kuseri kulikonse. Ine wobadwira m'mwambo umenewu, woudziwa ngati chikhatho changa, sizinandifike m'mutu ngakhale pang'ono. Ndinali kalikiliki kupukuta nkhope kuti mafuta asasungunuke tisanafike kojambulitsa.

Dzuwa lili pamutu m'pamene tinakwera pamlatho. Mayo ine, madzi aja! Ndinali nditawolokapo kangapo, koma tsiku limenelo ndinkawaona ndi maso a amayi: madzi ambirimbiri, odekha, mabwato ang'onoang'ono, akazi ochapa tsidya linalo akuonekadi ngati nyerere monga ankanenera bambo. Ndinatembenuka n'kuyamba kugogoda pagalasi.

"Amayi! Amayi! Suwo! Onani!"

Ndinkangoona kumbuyo kwa mutu wawo wofundidwa kapulana. Mutuwo unagwedera kawiri, katatu. Ndinamugwira mwamuna wanga paphewa n'kumati, "Aona! Aona!" Iye anaseka n'kuliza hutala. Misozi inalengeza m'maso mwanga chifukwa cha chimwemwe. Mumtima ndinati, bambo, kumene muliko, ngongole ya lonjezo lanu ndaithetsa ine.

Mumzinda ndinalamula ndine, monga mwa khalidwe langa. Ndinati tiyambe kojambulitsa zovala zisanade, kenako tidye, ndipo dzuwa likapendeka titsikire kugombe amayi akagwire madziwo ndi dzanja. Potsika m'galimoto amayi anachedwa. Mwendo wakumanja unkakokera pansi.

"Ndi dzanzi," anatero. "Ndakhalitsa."

Kojambulitsako kunali nsalu yojambulidwa nyumba zosanjikizana ndi maluwa apulasitiki. Mwamuna wanga anatsala panja. Wojambulayo anatiimika pamodzi, anasuzumira m'makina ake, n'kunena kuti, "Mama, sekererani." Anasuzumiranso. "Mama, sekererani bwino, mbali zonse." Ine ndinapsa mtima, osati ndi wojambulayo, koma ndi amayi.

"Inunso amayi, mwabwera kumaliro? Sekererani ngati munthu wokondwa. Anthu tavutika kukonza tsikuli."

Anayesa. Foto imeneyo ndili nayo mpaka lero m'sutikesi, pansi pa zovala. Ine ndili mano onse pamtunda, chovala chili mbee. Amayi aima chopendekera kwa ine, mlomo wakumanja utagwa, diso lili ngati la munthu wa tulo. Aliyense woiona amazindikira nthawi yomweyo kuti mayiyu akudwala. Ine ndinali pambali pawo, phewa kugundana ndi phewa, osaona kanthu.

Titatuluka anati mutu ukuwawa. Ndinati ndi dzuwa la kuno, tikadya usiya. Tinapita pa baraka ina yowotcha nsomba chakumunsi kwa mzinda. Mtsinje unali kuseri kwa mpanda wa baraka imeneyo. Unkamveka fungo lake, koma osaoneka. Mwamuna wanga anaitanitsa pende atatu, kenako anaimirira n'kunena, nkhope ataloza kukhoma, kuti akukathira madzi m'galimoto ndipo achedwako. Galimotoyo sinkafuna madzi. Ankangowapatsa mpata amayi kuti adye. Iye mlendo m'banja mwathu anakumbukira, ine mwana wawo ndinaiwala.

Atangozimiririka pakhomo, amayi anapisa dzanja lamanzere m'kapulana n'kutulutsa botolo lija. Linali losatsegula. Madzi anali odzaza mpaka kukhosi, otentha ngati oti uthiremo masamba a tiyi.

"Amayi! Chichokere kunyumba simunamwe?"

Ankalimbana ndi chitsekerero, koma zala zakumanja zinkangoterereka. Ndinalanda n'kutsegula, n'kuwagwiritsa. Anatukula botolo, madzi analowa m'kamwa n'kutulukira mbali ina, kutsikira pakamizola yobiriwira ija. Anandiyang'ana modabwa. Ananena mawu amene sindinawamve, ngati munthu wolankhula ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Kenako anapendeka pang'onopang'ono n'kugwa pampando, mutu n'kugunda mwendo wa tebulo.

Mmene ndinakuwira sindikumbuka. Ndimakumbuka mayi wowotcha nsomba akuwakupiza ndi chivindikiro cha mphika, wina akuthira madzi kumapazi, wina akukuwa m'Chinyungwe kuti awavule chaubweyacho. Mwamuna wanga analowa akuthamanga. Anaima kaye, kamphindi kakang'ono, manja ali m'mwamba, chifukwa chibadwire anali asanawakhudzepo. Kenako anawerama n'kuwanyamula ngati mwana. Njira yonse mpaka pagalimoto ankangoti, "Pepani amayi, pepani amayi, ndikhululukireni." Ndipo amayi anga, mbali imodzi itafa, malovu akutuluka, anatukula dzanja lamanzere lija n'kukoka kapulana kuti aphimbe nkhope yawo.

Tinawagoneka kutsogolo, pampando womwe uja anaukana m'mawa, mutu uli pamiyendo panga. Chovala choyera chija chinathera pomwepo, ndi fumbi la njerwa la m'kapulana yawo ndi magazi a pachipumi. Sindinachivalenso.

Kuchipatala anatilandira msanga. Anawaika soro pamkono, madzi aja olowera mumtsempha. Dotolo wake anali mtsikana wamng'ono kwa ine. Anati ndi toromboze, matenda aja opha ziwalo mbali imodzi, ndipo magazi a amayi anali akuthamanga kwambiri kuyambira kale, iwo osadziwa. Kenako anafunsa kuti amwa madzi komaliza nthawi yanji, ndipo akhala padzuwa nthawi yaitali bwanji. Ndinayang'ana pansi. Mwamuna wanga ndi amene anayankha, ndipo sananene kuti anandiuza kuti ndikhale nawo kumbuyo. Sananenepo tsiku limenelo, sananenepo mpaka lero, ndipo nthawi zina ndimalakalaka akanangonditukwana kamodzi zithe. Dotoloyo ataona nkhope yanga anati matendawa akanatha kuwagwira tsiku lina lililonse, ngakhale ali kudimba kwawo. Mawu amenewo ndawabwereza mumtima kambirimbiri. Sanandithandizepo.

Nsomba zija sitinadye. Kugombe sitinafike. Foliga imene ndinaivinira inathera pabenchi ya chipatala, ndipo Lolemba m'mawa ndinali m'kuzinya ndi mpeni m'manja, chifukwa mndandanda sudziwa kuti mayi ako agwa. Mng'ono wawo wa amayi, amene timawatcha amayi aang'ono, anatsika kuchokera ku Zobue kudzawadikirira. Ine ndinkapita ndikaweruka. Mwamuna wanga akaweruka ankapitanso, ali ndi fumbi lakuda m'makutu, koma sankalowa. Ankaima panja pazenera, n'kufunsa amayi aang'ono kuti agona bwanji, adya chiyani.

Patapita masabata atatu anatitulutsa. Mwendo unkakoka, dzanja lakumanja linali lende, mawu ankatuluka amodziamodzi. Anati akufuna kwawo. Tinabwerekanso galimoto ija, tinayala matiresi kumbuyo, tinamanga nsalu pamwamba kuti pakhale mthunzi, ndipo ulendo uno ndinakhala nawo kumbuyoko, ine ndi amayi aang'ono. Tinanyamuka m'mamawa kusanatenthe. Pofika pamlatho amayi anali m'tulo chifukwa cha mankhwala. Mtsinje unali phee, dzuwa likungotuluka kumene, kokongola kuposa tsiku lija. Amayi aang'ono, amenenso anali atangouona kamodzi pobwera, anati, "Tiwadzutse achemwali aone?"

Ndinati, "Asiyeni agone. Anauona kale."

Mvula itayamba, mwamuna wanga sanadikirenso mndandanda. Anagwira masiku a mnzake motsatizana, osapuma, kuti mnzakeyo adzamugwirire ake. Ine ndinachonderera shefi wa m'kuzinya mpaka anatopa nane. Tinakwera shapa ndi tambala wamkulu wofiira ndi kapulana ya maluwa achikasu. Ku Zobue kunali kutabiriwira, chimanga chili m'mawondo, nkhungu itakuta mapiri. Munda wa amayi anali atawalimira a mumpingo.

Sitinaitane anthu ambiri. Amayi sankafuna kuonedwa mmene analili. Amayi aang'ono anaphika tambala uja, anayala mphasa pakhonde, n'kuika mbale imodzi pakati. Tinawatulutsa amayi n'kuwatsamiritsa kukhoma. Mwamuna wanga anagwada, anaika kapulana patsogolo pawo, n'kuomba m'manja. Amayi aang'ono ananena mawu ake a mwambowo, kuti kuyambira lero uyu ndi mwana wanu, inu ndinu mayi ake. Anasamba m'manja.

Apa panabuka vuto limene palibe analiganizira. Amayi dzanja lodyera linali lakufa. Anayang'ana mbale, anayang'ana dzanja lawo lamanzere, manyazi n'kuwagwira, pakuti munthu wamkulu kupisa dzanja lamanzere m'mbale yodyera ndi mlendo n'chinthu chochititsa manyazi kwathu. Anakhala choncho osasuntha. Mwamuna wanga anaona. Anabisa dzanja lake lamanja kumbuyo, n'kutema nsima ndi lamanzere, movutikira, msuzi ukudontha pathalauza. Amayi anamuyang'ana dzanjalo, kenako anakweza maso pang'onopang'ono mpaka kumaso kwake. Zaka zinayi ali mkamwini wawo, aka kanali koyamba kumuona nkhope bwinobwino.

"Kani," anatero, mawu akukoka, "muli ndi mpata m'mano?"

Tinaseka mpaka amayi aang'ono anatsamwa. Amayinso anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, n'kutema nawo. Anadya pang'ono, anamwa madzi iye akuona, ndipo madzi atatayikira pachibwano iye ndi amene anawapukuta. Mumtima mwanga munapepuka koyamba chichokere tsiku lija. Ndinati mwina Mulungu wandikhululukira.

Amayi aang'ono anatola mbale n'kupita nazo kuseri. Pakhondepo tinatsala atatu. Amayi anasisita kapulana yatsopano ija. Kenako anatembenukira kwa mwamuna wanga.

"Bambo," anatero, "inu mumawoloka kawirikawiri. Tandiuzani. Mtsinje uja ndi waukulu bwanji?"

Ndinayankha ine, mwamuna wanga asanatsegule pakamwa.

"Amayi, mukuti chiyani? Si munauona? Pamlatho paja, ndikugogoda pagalasi?"

Anapukusa mutu. Analankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse akulisaka, ndipo ife tinadikira mpaka amalize.

"M'maso munali mutada kale. Chiyambire pamzere paja. Ndinkangomva mphepo yasintha, yazizira pang'ono. Ndinadziwa kuti tili pamadzi."

"Nanga bwanji munagwedeza mutu?"

"Unkagogoda mokondwa, mwanangu. Ndikanati chiyani?"

Sindinathe kukhala. Ndinadzuka n'kuzungulira kuseri kwa nkhokwe, komwe kuja munthu amabisala akafuna kumwa madzi, n'kulira nditaluma nsalu kuti asandimve. Ndinalirira tsiku la pamlatho lija, ndinaliriranso m'mawa uja ndinati asiyeni agone. Kawiri konse ndinawadutsitsa pamwamba pa madzi amene anawafunsa moyo wawo wonse. Pakhonde ndinkamva mwamuna wanga akuyesetsa. Ankati kuyambira pano mpaka kutchalitchi, ayi, kupitirira, mpaka pamsewu wa tala, madzi okhaokha. Ankati bwato likakhala pakati limaoneka ngati khoko la mtedza. Amayi ankangoti, "Eee? Eee? Ndiye bambo ake uyu sankanama."

Tisananyamuke ndinagwada pafupi nawo n'kulonjeza kuti ikangofika nyengo yozizira tidzabwera kudzawatenga. Adzakhala kutsogolo, pazenera, ndipo tidzaima pagombe mpaka atatopa okha. Anandisisita tsitsi ndi dzanja lamanzere. Anati, "Uli ngati bambo ako." Sindikudziwa ngati ankandiyamikira.

Nyengo yozizira sanaifike. Matenda aja anawabwereranso anthu akuyamba kumene kudya chimanga chachiwisi, ndipo foni inandipeza m'kuzinya ndikusenda anyezi. Pamene shapa inkafika ku Zobue n'kuti atawasambitsa kale. Tinawafunda kapulana ya maluwa achikasu ija.

Pamaliro panabwera anthu ambiri, a mumpingo, a m'midzi yozungulira, ena ochokera tsidya la Malawi amene tinakhala nawo nthawi ya nkhondo. Onse ankadziwa za amayi ndi mtsinje wawo, paja panalibe amene sanafunsidwepo funso lija. Ndiye akazi achikulire ankabwera mmodzimmodzi pamene ndinakhala, kundigwira dzanja, n'kumati, "Usalire kwambiri, mwanawe. Iwe unachita mbali yako. Mayi ako apita atauona Zambezi chifukwa cha iwe." Amayi aang'ono nawonso ankavomereza ndi mutu, pakuti anali kuseri ndi mbale pamene zija zinkanenedwa. Mwamuna wanga anali chapatali pakati pa amuna, atazolika.

Aliyense ndinkamuyankha kuti zikomo.